Mayi Nkhawa ndi Makina Okangana

"Alamu, chimbale chimenecho si cha pulinta iyi. Taonani, nambala ili pakatoni ndi ina, ya pachimbalepo ndi inanso."

Amene ananena mawuwa anali mayi wachitsikana, ataima kuseri kwa kauntala, mwana ali kumbuyo. Palibe amene anamucheukira. Alamu ake, eni shopu yotayipa ndi kusindikiza makalata, anali atagwada kunsi kwa tebulo kufunafuna polowetsa chingwe. Pulintayo anaigula kwa munthu wina pamsika, ndipo wogulitsayo anangoponyera m'katoni chimbale chomwe chinali pafupi ndi dzanja lake.

"Kampani ndi yomweyo, mlamu," anatero bamboyo akusasa fumbi m'mawondo. "Inu mumaopa ngakhale chithunzithunzi chanu chomwe. Si pachabe anthu amakutchani Mayi Nkhawa."

Dzinali linamukhala, ndipo iye sankalikana. Anali mayi wa mtundu uja woyesa madzi osambitsira mwana ndi chigongono, kenako n'kuyesanso ndi chigongono chinacho; womata masoketi onse ndi selotepu; woika chala pamphuno ya mwana wogona kuti amve ngati akupuma. Mwamuna wake anamwalira mwanayo asanamere mano. Anangodandaula mutu, anthu n'kumati ndi kutopa chabe. Chichokereni pamaliro, iye ndi kamtsikana kake, kamene onse ankakatcha Kamphuno, ankakhala m'chipinda chakuseri kwa apongozi ake, ndipo masana ankathandiza kushopu ya alamu akewo.

Amayi anzanga amene mumauzidwa tsiku ndi tsiku kuti mumada nkhawa ndi zopanda pake, nkhaniyi ndi yanu.

Chimbale chija chinalowa. Kompyuta inang'ung'udza, n'kupempha kuti aizimitse ndi kuiyatsanso. Itayaka, sikirini yonse inasanduka yabuluu, ili ndi timawu toyera tomwe tinazimiririka munthu asanatiwerenge. Inazima yokha, inayakanso, n'kubwereranso pomwepo. Makasitomala amene anali pabenchi anayamba kusolola makosi.

Mawa lake linali tsiku lopita ndi mwana kusikelo. Asananyamuke, Mayi Nkhawa anagwira chitseko cha shopu.

"Chonde alamu, aliyense amene abwere kudzakonza, asafufute kanthu. Muli zithunzi za malemu mng'ono wanu mmenemo. Foni yake ija inasowera kuchipatala, ndiye kwina kulikonse kulibe."

"Pitani, mlamu, mukapeza mzere utatalika."

Pobwerera anapeza kompyuta ikuwala bwinobwino. Pampando panali bambo wina amene anthu a mumsewuwo ankamutcha Fomati, chifukwa matenda alionse a kompyuta iye mankhwala ake anali amodzi: kufufuta zonse n'kuyambiranso.

"Yachira," anatero Fomati akutsotsa m'mano ndi mtengo wa machesi. "Ili ngati yochokera kusitolo."

Mayi Nkhawa anagwira mausi. Foda ya malemu kunalibe. Zithunzi za ukwati kunalibe. Kavidiyo kaja ka tsiku lotuluka kuchipatala, malemu akuimbira khanda ndi mawu ake osasa, akuphonya nyimbo n'kumadziseka yekha, kunalibe. Anatsegula apa, anatsegula apo, paliponse pali mbee.

"Zithunzi zija zili kuti?"

Fomati anayang'ana eni shopu. Eni shopu anayang'ana kudenga.

"Za zithunzi sanandiuze, mayi. Anangoti ikufunika lero."

Mayi Nkhawa sanalire. Anangokhala pansi pasimenti, kukamwa kuli yasa, ngati munthu amene wauzidwanso uthenga wa maliro omwe analira kale.

Pamodzi ndi zithunzizo panapitanso ntchito za makasitomala, ndipo anthu atayamba kubwera ndi ukali panafunika munthu womuloza chala. Alamu aja anakauza mayi awo kuti mlamu wawo amasiya mwana kumenya kiyibodi ndi manja a madzi, ndipo n'zimene zinapha makina. Madzulo omwewo apongozi anamuitanira pakhonde.

"Amake Kamphuno, ine sindikukuthamangitsani ayi. Koma taonani nokha. Kushopu sakukufunaninso, mayeso akusekondale aja sanakuyendereni, ndiye mwanayu mumulera ndi chiyani? Azakhali ake aja alibe mwana, nyumba ali nayo yabwino. Akadzabwera patchuthi adzamutenga. Inu mukadali mtsikana, mupume, mwina n'kupezanso banja."

Mayi Nkhawa anayang'ana Kamphuno amene ankakwawira patapata wa agogo ake.

Sabata isanathe anadutsa kushopu kukatenga kapu ya mwana yomwe anaiwala. Ali pakhomo anaona alamu ake akutsegulanso katoni ija, akutulutsa chimbale chomwe chija, akuchipukuta pamalaya, n'kuchilowetsa mu kompyuta yofufutidwayo. Anafuna kulankhula koma anakumbukira kuti si wapantchito. Anangoima. Kompyuta inang'ung'udza, inazima, inayaka. Sikirini yabuluu.

Alamu aja anaphethira kawiri katatu. Kenako anatulutsa chimbalecho n'kuchiponya mu bini.

"Makinawa akalamba basi," anatero osamuyang'ana.

Mayi Nkhawa anayang'ana chimbale chija mu bini. Ndiye kuti mwana sanalakwe. Ndiye kuti kufufuta kuja sikunachiritse kanthu, ndipo mawu a mwamuna wake anapita ulele. Anawerama, anatola chimbale chija, n'kutuluka osatsanzika. Kapu ija anaiiwalanso.

Kuseri kwa msika kunali kashopu kopapatiza ka bambo wina wachikulire wokonza makompyuta. Ankawatcha a Mawaya, chifukwa zingwe zinkalendewera paliponse, kudenga, pamsomali wa kalendala, ngakhale m'khosi mwawo. Mayi Nkhawa analowa atakumbatira mutu wa mwana kuti usakodwe.

"Bambo, ndingofunsa. Chinthu chopyapyala chonchi chingaphe bwanji kompyuta?"

A Mawaya anachitembenuza chimbalecho, anamvetsera nkhani yonse, n'kukweza magalasi awo omangidwa ndi ulusi.

"Kompyuta ndi pulinta, mwanawe, zili ngati anthu awiri olankhula zinenero zosiyana. Pakati pawo pamafunika womasulira. Ameneyo ndi kapulogalamu kamene timakatcha dalaiva. Chipangizo chilichonse chili ndi wake. Alamu akowo anabweretsa womasulira wa pulinta ina, n'kumukhazika pomwe panali kale wa pulinta yakale ija. Awiriwo anayamba kulimbirana pakamwa, kompyuta n'kuona kuti zafika poipa, n'kudzigwetsa."

"Ndiye mankhwala ake ndi kufufuta zonse?"

"Ndani anakuuza? Umaiyatsa mwa njira ina yoti idzuke ndi zofunikira zokhazokha, timati sefu modi. Ukatero umamugwira pakhosi womasulira wolakwikayo n'kumutulutsa. Madzi a tiyi asanawire, yachira."

Mayi Nkhawa anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Madzi a tiyi asanawire?"

"Ngati mbaula ili yaulesi, ukhozanso kusesa."

"Nanga zithunzi zija zingabwerere?"

A Mawaya anafunsa ngati Fomati anaitanidwanso. Atamva kuti anali kale panjira kukafufuta kachiwiri, anapukusa mutu. Sanamunamize: zithunzizo sizikanabwereranso.

Mayi Nkhawa anamasula tsitsi lake m'kadzanja ka Kamphuno. Kenako anati, "Ndiphunzitseni."

"Uli ndi mwana kumbuyo, ukufuna kugwira za magetsi?"

"Mwanayu ndiye chifukwa chake."

A Mawaya anakankha ndi phazi kampando kothyoka mwendo. "Ukaswa kanthu, usabise. Lamulo langa ndi lokhalo."

Musaganize kuti zinayenda ngati madzi otsetsereka. Sabata yoyamba anamuonetsa pamalo pomwe kompyuta imaonetsa zipangizo zake zonse, ndi kachizindikiro kachikasu kamene kamaoneka pambali pa chipangizo chomwe sichikumvana ndi dalaiva wake. Tsiku lina a Mawaya atapita kukagula batire, iye anaona kachikasu, anadina, n'kuzimitsa chinthu chomwe sanachidziwe dzina. Nthawi yomweyo mausi inafa. Kiyibodi inafa. Anali atazimitsa pakhomo polowera zingwe zonse. Kompyuta ya kasitomala inangomuyang'ana, iye wopanda chodinira chilichonse choti abwezere zomwe wachita.

A Mawaya atabwera n'kumva, anaseka mpaka kutsokomola.

"Wadzitsekera panja kiyi ali m'nyumba. Usalire, tonse tinadutsamo. Ine ndinachita zimenezi pa kompyuta ya m'busa, ulaliki wa Lamulungu uli momwemo."

Anatsitsa pashelefu kiyibodi yakalekale ya pulagi yozungulira, yolowera pakhomo lina, ndipo ndi iyo anatsegulanso pomwe iye anatseka.

Ulendo wina Mayi Nkhawa anafufuza dalaiva pa intaneti, n'kudina chibatani chachikulu chobiriwira chomwe chinkalonjeza kukonza zonse. Chinabwera ndi zotsatsa malonda zotumphukira paliponse ngati chiswe pa mvula yoyamba. Anazichotsa chimodzichimodzi mpaka dzuwa kupendeka, ndipo kuyambira pamenepo anadziwa kuti dalaiva amatengedwa kwa amene anapanga chipangizocho basi, utaonetsetsa nambala yake chilembo ndi chilembo.

Kunyumba ankamunena. Alamu ake ankati akamuona akudutsa, "Injiniya wathu uyo, tabisani makina." Apongozi ankangoti, "Amake Kamphuno, mukuzunza mwana ndi fumbi la kumsika." Iye ankabwera ndi zala zakuda, kusambitsa mwana, kumuyang'ana m'makutu ndi m'kamwa ngati sanameze kasikulu, m'mawa n'kubwereranso. Panali masiku amene ankafika pakhomo la a Mawaya n'kufuna kutembenuka. Ankakumbukira kuti tchuthi chikuyandikira, n'kulowa.

Chimene chinamusintha chinali chaching'ono. Kamphuno anatuluka tiziphuphu m'khosi, ndipo namwino wa kusikelo sanathamangire mankhwala. Anafunsa kuti, "Mwasintha chiyani posachedwapa? Sopo? Mafuta? Siyani zonse zatsopano, muzibwezeretsa chimodzichimodzi, mudzachigwira chomwe chikumuwenga." Chinali sopo wochapira. Mayi Nkhawa anapita nazo kuntchito zimenezi. Kasitomala akangolowa, asanayambe n'komwe kudandaula, iye ankafunsa kuti, "Chomaliza kulumikiza kapena kuika chinali chiyani?" Kenako ankazula zingwe zonse, n'kumabwezera chimodzi, kudikira, kumvetsera, kubwezera china. Ndipo asanakhudze chilichonse, ankayamba wakopera mafayilo a munthuyo pena. Ena ankatopa naye.

"Mayi, ndikufulumira ine."

"Fulumirani, bambo. Koma zanuzi ziyambe zasamuka."

Pang'ono ndi pang'ono anthu anayamba kufunsa pakhomo kuti, "Mayi wa mafunso uja alipo?"

Tsiku lina masana kunaima galimoto. Munatsika mayi wonenepa wa mawu aakulu, mwini situdiyo yojambulira nyimbo za makwaya mu tauni ina yakutali. Anabwera kudzagula zipangizo, ndipo anatenganso kompyuta yake ndi kabokosi kolumikizirapo maikolofoni. A Mawaya anali atapita kukachotsa dzino.

"Abwana ako ali kuti? Makinawa akuthetheka ngati nkhuni zaziwisi. Kwaya ikaimba, pakati pa nyimbo thee, thee. Kwathu andiuza kuti ndifufute zonse, koma muli nyimbo za anthu zomwe sindinawapatse. Mawa m'bandakucha ndikubwerera."

Mayi Nkhawa anayang'ana kukhomo. Anafuna kunena kuti adikire eni ake. M'malo mwake anamva pakamwa pake pakufunsa kuti, "Chomaliza kulumikiza chinali chiyani?"

"Palibe. Zonse ndi zakale."

Anakopera nyimbo zonse kaye. Kenako anaganiza kuti vuto ndi dalaiva wa kabokosi ka mawu, ndiye anamuchotsa n'kuika watsopano. Atayatsa nyimbo, kunali zii. Ngakhale kuthetheka komwe kunalibe.

"Iwe mtsikana," anatero mwini situdiyo mwapansipansi, "ndabwera ndi wodwala chifuwa, wandipatsa wosalankhula?"

M'maganizo Mayi Nkhawa anaona nkhope ya alamu ake, anaona khonde la apongozi. Anapumira m'mwamba, anabwezeretsa dalaiva wakale uja, ndipo mawu anabwerera pamodzi ndi kuthetheka kwake. Anali atabwerera pomwe anayambira, koma tsopano ankadziwa kuti kabokosiko kalibe mlandu.

Anatembenuza kompyutayo kuti azule zingwe. Kumbuyo, pakona, panali kanthu kakang'ono ngati chikhadabo, kali ndi kanyali kabuluu. Anakayang'anitsitsa monga ankayang'anira chifuwa cha mwana wogona. Nyimbo inkalira. Kanyali kanaphethira, sipika inati thee. Kanakhala phee, nyimbo inayenda bwino. Kanaphethiranso, thee.

"Mayi, aka n'kachiyani?"

"Ako? Ka intaneti yopanda waya. Anandiikira mwana wa mchemwali wanga. Koma kameneko sikakhudzana ndi mawu."

"Anakaika liti?"

Mwini situdiyo anawerenga ndi maso kudenga. "Mwezi womwe zinayamba."

Mayi Nkhawa anakazula. Kwaya inaimba ndime yonse, mawu oyera ngati madzi a pampopi. Anakabwezera, thee. Anakazulanso, bata. Dalaiva wa kanthuko, nthawi iliyonse akamafufuza intaneti, ankalanda mpata wa kompyuta yonse, mawu n'kumadikira pakhomo. Anapeza dalaiva woyenera kwa opanga ake, kuthetheka kunachepa koma sikunatheretu, ndipo anamuuza mayiyo zoona: pojambula azikazula, kapena agule chingwe cha intaneti.

Mwini situdiyo anakhala pakampando kothyoka kaja osaona n'komwe kuti kakupendama.

"Kanthu kochepa ngati njere ya dzungu kandisowetsa tulo chonchi? Ndinatsala pang'ono kugula makina ena." Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndili ndi situdiyo ndi shopu ya makompyuta, wozisamalira ndilibe. Kuseri kuli chipinda, kuli mpanda, mwana akhoza kusewera. Ndikunyamuka kusanache. Ukafuna, undipeze pa malo ogona alendo a pafupi ndi depoti."

A Mawaya anafika tsaya litatupa, thonje lili m'kamwa. Atamva, analankhula movutika kuti, "Pita. Kuno ungokalamba ndi ine ndi makoswe."

Koma Mayi Nkhawa ndi Mayi Nkhawa. Njira yonse yobwerera kunyumba ankangoganiza zoopsa. Tauni yachilendo. Mwana akadwala ndani adzamuthandize? Bwanji mayiyo akadzasintha maganizo? Pofika pageti anali atatsimikiza kuti akana, adikire kaye chaka chimodzi.

Dzuwa linali likulowa. Pakhonde panali nsapato zachilendo zazitali zidendene. Pabalaza anapeza azakhali a mwana atakhala pasofa, apongozi pambali, alamu ataima pazenera. Pakati pa chipinda panali chikwama chapinki chatsopano, zipi ili yotseka. Pamwamba pake panali kabulangete ka Kamphuno, kopindidwa bwinobwino.

Anaima ngati wamenyedwa ndi magetsi. Anthuwa anali atalowa m'chipinda chake iye kulibe. Anali atatsegula sutikesi yake, kusankha zovala za mwana wake, n'kuzilongedza.

"Tchuthi sichinafike," anatero ndi mawu omwe sanawazindikire kuti ndi ake.

"Ndapeza mpata msanga, mlamu," anayankha azakhali aja akumwetulira, manja atatambasulira mwana. "Tikwera basi ya m'mawa. Muzibwera kudzamuona, si kunja kwa dziko."

"Musavutike mtima, amake Kamphuno," anawonjezera apongozi. "N'zokomera mwana."

Kamphuno, ali kumbuyo, anamugwira khutu ndi kadzanja kake kofunda. Mantha onse a m'njira aja anawafunafuna, sanawapeze. Anawerama, ananyamula chikwama chapinki chija, n'kuchiyesa kulemera.

"Mankhwala a chimfine mwaikamo, alamu?"

"Ndaika, pathumba la kutsogolo," anayankha azakhali aja.

"Khadi la kusikelo?"

"Lilimo."

"Zikomo kwambiri, mwandichepetsera ntchito. Amayi, ndapeza ntchito yokonza makompyuta, ndi malo okhala omwe. Mwanayu apita ndi mayi ake. Mudzabwera kudzamuona, si kunja kwa dziko."

Alamu aamuna aja anayesa kuseka, koma kuseka kunawathera pakhosi. Apongozi anagwira pachifuwa.

"Inu? Kukonza makompyuta? Nokha?"

"Ine ndemwe, amayi."

Lero mayiyu ali ndi benchi yakeyake, ndipo akuphunzitsa atsikana ena ntchito yomweyo. Sanasiye kuda nkhawa. Akadali munthu wocheukacheuka, wofunsa mafunso otopetsa, ndipo ndi zimenezo zomwe anthu amayendera mtunda kumufuna.

Mwina nanunso mwauzidwa kuti simungathe, kuti khalidwe lanu ndi chilema, kuti chomwe mumachikonda kwambiri chikasungidwe ndi ena. Funsani pomwe simukudziwa. Mukaswa kanthu, dzukani mukonze. Mtima wanu musauponye pansi, ngakhale zitaoneka kuti ena akulongedzerani kale katundu.

Madzulo amenewo Mayi Nkhawa sanadziwe ngati zidzamuyendera. Analowa m'chipinda chake, anaika chikwama chapinki pafupi ndi chitseko, n'kutsitsa mwana pabedi.

"Ugone msanga, Kamphuno," anamunong'oneza akumuvula tinsapato. "Ine ndi iwe tinyamuka kusanache."